Mkangano wa Misa Yatsopano Pakati pa Okonda Mwambo Wakale

Papa Paulo VI atakhazikitsa dongosolo latsopano la Misa m'chaka cha 1969, potsata Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, Akatolika ena anakangamira Misa yakale ya m'Chilatini. Tisaganize kuti onsewo ndi amodzi. Chowagawa ndi funso ili: kodi pa Misa yatsopanoyi mkate ndi vinyo zimasandukadi Thupi ndi Magazi a Khristu?

Chipani cha ansembe cha Petulo Woyera, chomwe chidayamba mu 1988 ndipo n'chomvera Apapa, chimavomera kuti Misayi ndi yoona. Chipani cha Pio X Woyera, chomwe Arikiepiskopi Marcel Lefebvre adayambitsa ku Switzerland mu 1970, chimati ikhoza kukhala yoona, koma imafooketsa chikhulupiriro, ndipo chimalangiza anthu ake kuipewa. Otsiriza ndi aja amati mpando wa Petulo ulibe Papa woona. Ambiri mwa iwo amaikaniratu Misayi, ena mpaka kukayikira mwambo wodzozera aepiskopi wa 1968.

Pomwe padavuta kwambiri ndi pa mawu onenedwa pa chikho. Chilatini chimati "pro multis", kutanthauza kuti Magazi akhetsedwa chifukwa cha ambiri, koma omasulira m'Chingerezi, m'Chitaliyana ndi m'Chijeremani adalemba kuti "chifukwa cha onse". Patrick Henry Omlor wa ku America adatsutsa mu 1968 kuti kusintha mawu a Ambuye kotere kumafafaniza sakramenti. Ife tikuona kuti mfundoyi ndi yofooka. Buku la Misa la m'Chilatini silidasinthe mawuwo, ndiponso Mpingo udaphunzitsa kuyambira kale kuti Khristu adafera anthu onse, ngakhale si onse amalandira chipulumutsocho. Mu 2006 Kadinala Francis Arinze adalembera aepiskopi kuti abwerere ku "ambiri", koma m'kalata yomweyo adatsimikiza kuti Misa zonenedwa ndi mawu enawo zidali zoona. Chingerezi chidakonzedwa mu 2011.

Makatekisti akumbukire zofunika kuti Ukaristia ukhale woona: wansembe wodzozedwa, mkate wa tirigu ndi vinyo wa mphesa, mawu a Khristu, ndi cholinga chochita zimene Mpingo umachita. Kuloledwa kwa mwambo ndi nkhani ina. Papa Benedikito XVI adamasula Misa yakale mu 2007, nanena kuti oikonda asakane yatsopano. Papa Fransisko adaika malire mu 2021, ataona kuti ena ankaigwiritsa ntchito pokana Msonkhano wa ku Vatican.