Kumanga dziko patebulo: mawu a osewera ake

Masewera a nthano a patebulo safuna magetsi kapena foni. Pamangofunika anthu anayi kapena asanu, mapepala, pensulo ndi madayisi. Anayamba kufala mu 1974 pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons ku America, ndipo osewera ake ali ndi mawu awoawo. Ndimafunitsitsa achinyamata a ku Namwera atawadziwa mawuwa, chifukwa zomangira dziko longopeka ali nazo pakhomo pomwe.

Pagulupo pamakhala mmodzi wotchedwa Dungeon Master kapena Game Master, woyendetsa masewera. Iyeyu ndiye amafotokoza malo, nyengo ndi zoopsa za m'njira. Otsalawo aliyense amakhala ndi munthu wake mmodzi, character, yemwe dzina lake, mphamvu, luso ndi katundu wake zimalembedwa papepala. Anthu ena onse a m'dzikomo, kaya wopalasa bwato, mayi wogulitsa thobwa kapena nduna ya mfumu, amawalankhulira woyendetsa uja, ndipo amatchedwa NPC. Pa nthano za madzulo ana amangovomera kuti tilitonse, nkhani ili m'manja mwa agogo. Kuno ayi. Omvera ndiwo amasankha kolowera.

Tiyerekeze kuti woyendetsa wanena kuti mtsinje wasefukira ndipo mlatho wa mitengo wapita ndi madzi. Wosewera wina akuti, "Ine ndiwoloka chosambira." Woyendetsa waika kale mumtima kuti pakufunika 15. Dayisi ya mbali 20 yagubuduzika, yagwa pa 11. Papepala la wosewerayo pali 3 wa luso losambira, zonse pamodzi 14. Kwaperewera 1 yekha. Madzi amukokolola, thumba lake la mchere lamira, anzake kumtunda akukangana kuti amutsatire ndani. Palibe anakonzeratu zimenezi, ngakhale woyendetsayo, ndipo kukoma kwa masewerawa kwagona pomwepo.

Kukumana kamodzi kumatchedwa session. Nkhani ikapitirira miyezi kapena zaka, anthu ake omwewo, imeneyo ndi campaign. Koma mawu amene ndikufuna tikhalepo ndi homebrew, dziko lodzimangira nokha m'malo motenga la m'buku logula. Ena amaliyesa losaukira. Amaiwala kuti maiko opeka a Blackmoor wa Arneson ndi Greyhawk wa Gygax anayamba chomwecho, patebulo la kunyumba.

Womanga dziko amayamba ndi mapu. Taonani a kwathu kuno. Msewu umachoka ku boma la Mangochi, kuwoloka Shire, kukwera mapiri mokhotakhota mpaka ku Namwera, kenaka ku Chiponde kumalire, kutsidya kwake kuli Mandimba. Kumunsi kuli nyanja ya Malombe. Pa phiri la Mangochi, pomwe asilikali a atsamunda anagonjetsa mfumu Jalasi mu 1895, pali mabwinja a linga lamiyala limene anamanga pambuyo pake. Doko, chikweza, malire ndi linga losiyidwa: wolemba wa ku London amatuluka thukuta kuti apeke zoterezi.

Pamwamba pa mapu pamabwera lore, mbiri ndi zikhulupiriro za dzikolo. Apa ongoyamba kumene amaphonya. Amalemba masamba ambirimbiri a milungu ndi nkhondo za makedzana, koma patebulo palibe amazifunsa. Chimene chimayendetsa nkhani ndi faction, gulu la anthu ofuna chinthu chimene gulu lina likuchifunanso. Mbiri ya chigawo chino imaphunzitsa bwino zimenezi. Amalonda a Chiyao ankapita ndi minyanga ku Kilwa ndi ku Quelimane nkubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Mponda anali pa doko la Shire, Makanjira m'mbali mwa nyanja chakum'mawa, Jalasi m'mapiri. Aliyense anagwira gawo lake la njira, ndipo wapaulendo ankayenera kudziwa wogwirizana naye. Ikani magulu atatu otere m'dziko lanu, muwapatse doko limodzi lolimbirana, nkhani idzaphuka yokha.

Matsenga nawo akhale ndi mtengo wake. Ngati sing'anga wa m'dziko lanu amaitana mvula popanda kutaya kanthu, ndiye kuti njala kulibe, ndipo mfumu ilibe chodera nkhawa. Mukanena kuti akaitana mvula amakhala wosaona mpaka mwezi utatha, osewera adzayamba kufunsana ngati mundawo ukuyenera maso a mnzawo.

Pali china choyenera kusamala. M'maulendo a ku Kilwa aja munalinso akapolo, ndipo zidzukulu za ogwidwa ndi za ogwira zikukhala limodzi mpaka lero. Maina a Jalasi, Mponda ndi Makanjira ndi mipando ya ufumu yomwe ilipobe. Tengani kapangidwe ka dziko, koma maina pekani anu. Za ku jando ndi ku nsondo zisiyeni kwa eni ake. Nchifukwa chake osewera ambiri amayamba ndi session zero, tsiku longokambirana dayisi isanaponyedwe: nkhani yathu ikhala yotani, ndipo ndi ziti zimene sitikhudza. Tsiku limenelo woyendetsa abwere ndi tsamba limodzi lokha, pajambulidwe mudzi, doko ndi phiri, palembedwenso maina a anthu asanu ndi chimene aliyense akufuna. Zakuseri kwa phirilo adzazilemba osewera akaganiza zokwera.