Miyala Iwiri ya Galileo

Cha m'ma 335 Khristu asanabadwe, Aristotle anatsegula sukulu yake yotchedwa Lyceum mumzinda wa Athens ku Greece. Anthu a mumzindawo anali okonda mtsutso, ndipo kawirikawiri pabwalo la milandu ankapambana ndi munthu wa pakamwa pothwa, ngakhale mfundo zake zikhale zopanda mutu. Aristotle anafuna njira yosiyanitsira mawu ozuna ndi mawu oona.

Iye anaphunzitsa kuti mtsutso wolongosoka uli ndi mfundo ziwiri zoyamba ndi chigamulo chotuluka m'mfundozo, monga mphanda ziwiri zinyamula mtanda wa nyumba. Mbalame zonse zimaikira mazira; nkhanga ndi mbalame; choncho nkhanga imaikira mazira. Koma wina akati mbalame zonse zimauluka, nthiwatiwa ndi mbalame, choncho nthiwatiwa imauluka, kamangidwe kake nkabwino ndithu, komabe mphanda yoyamba njodyedwa ndi chiswe, ndipo mtanda ugwa.

Mabuku ake anamasuliridwa m'Chilatini ndi m'Chiarabu, ndipo kwa zaka mazanamazana ophunzira a ku Baghdad, Paris ndi Oxford ankasula nzeru zawo pa iwo. Tsoka lake, ambiri anafika pomulemekeza koposa njira imene anawasiyira. Kungoti Aristotle anatero, mtsutso unkathera pomwepo.

Chimodzi mwa ziphunzitso zake chinali chakuti chinthu cholemera chimagwa msanga kuposa chopepuka. M'chaka cha 1638 Galileo Galilei wa ku Italy, ali nkhalamba yosaloledwa kuchoka panyumba chifukwa cha mlandu wake wa mu 1633, anatsutsa zimenezi m'buku limene linasindikizidwa ku Leiden. Anafunsa chimene chingachitike mwala waukulu ndi waung'ono itamangidwa pamodzi nkuponyedwa pansi. Ngati Aristotle ananena zoona, mwala waung'ono uyenera kuchedwetsa waukuluwo, ndipo iwiriyo igwa mochedwerapo. Komanso miyala iwiri yomangidwa pamodzi njolemera kuposa waukulu pawokha, choncho iyenera kugwa msanga koposa. Mfundo imodzi yabala zigamulo ziwiri zotsutsana; ndiye kuti mfundoyo njolakwika. Motero Galileo anagwetsa chiphunzitso cha Aristotle ndi nkhwangwa imene Aristotle yemweyo anasula.

Mu 1971 David Scott wa m'chombo cha Apollo 15 anataya hamala ndi nthenga pamwamba pa mwezi, pamene palibe mpweya wotchinga, ndipo zonse ziwiri zinafika pansi nthawi imodzi.

Wophunzira amene akulemba chimangirizo kusukulu kapena kukoleji ali ndi ntchito yomweyo. Dzina la katswiri si umboni, ndipo kuchuluka kwa mawu sikulimbitsa mtsutso. Asanalembe liwu lakuti "choncho", ayambe wagogoda mphanda zake zonse ziwiri, amve ngati mulibe chiswe.