Tinkaseka ndi makutu: mbiri ya nthabwala zoluma za ku Zomba

Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba kuonetsa zithunzi pa 1 Epulo 1999, tsiku lija anthu amapusitsana n'kumati ndi la zitsiru. Chaka chilichonse tsikuli likamayandikira pamamveka mawu akuti nthabwala zenizeni, zija zoseka akuluakulu, zinabwera ndi ufulu wa 1994 ndipo zinakulira pa kanema. Ine mawu amenewa ndimawakayikira, ndipo chondikayikitsa chili ku Zomba.

Tauniyi inakhala likulu la atsamunda mu 1891, ndipo asilikali a King's African Rifles anali ndi kambi yawo momwemo. Anthu a m'midzi ankaona asilikali akuguba pa perete. Kugubako n'kumene timakuona mu gule wa beni amene Ayao amavina mpaka lero, ndi mayunifolomu ake, maudindo ake ndi mluzu wake. Kaya kunali kusirira kaya kunali kunyogodola, mzungu woonerera sakanatha kusiyanitsa, ndipo mphamvu ya guleyo inagona pamenepo.

Mu Disembala 1946 chimvula chinagumula mbali za phiri, madzi ndi miyala zinakokolola milatho ndi nyumba, anthu anafa. Eni dera anati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri, ulendo wa ku nyanja ya Chilwa. A Paseli Brothers anaimbapo nyimbo. Kuyambira pamenepo Zomba inali ndi dzina la chinthu chimene chimawononga koma palibe angachiloze chala.

MBC itayamba mu 1964, nthabwala zinapeza nyumba m'wailesi, ndipo amvulazakale amakumbukira Kapalepale wa Smart Likhaya Mbewe, banja lonse litazungulira kawailesi kamodzi ka mabatire. Mu 1968 kunabwera lamulo loti sewero, buku kapena chimbale chiziyamba chaunikidwa chisanafike kwa anthu. Woseketsa anaphunzira kuyenda mozemba.

Chaka cha 1970 chili ndi zinthu ziwiri zomwe ndimakonda kuziika pamodzi. Ku America, gulu la anthu anayi lotchedwa The Firesign Theatre linatulutsa chimbale cha nthabwala, Don't Crush That Dwarf, Hand Me the Pliers. M'chimbalemo munthu wina, George Tirebiter, wakhala usiku akusinthasintha matchanelo a kanema. Womvera amamva mlaliki, kenaka wotsatsa malonda, kenaka filimu ya nkhondo, zonse zikulowererana ngati maloto a munthu wodwala malungo, mpaka osadziwanso ngati mkuluyo akuonera kanema kapena ali m'kati mwake. Chaka chomwecho, ophunzira ndi aphunzitsi a Chancellor College, pamenepo idakali ku Chichiri mu Blantyre, anayambitsa Writers Group. Kolejiyo inasamukira ku Chirunga, ku Zomba, mu 1973, ndipo gululo linapita nayo.

Aku America ankaseka kanema chifukwa anali atadzaza m'nyumba iliyonse. Kuno kanema kunalibe, koma luso linali lofanana: kunena chinthu chooneka ngati chamisala kuti wanzeru atolepo chake. Steve Chimombo anatenga Napolo uja n'kumusandutsa ndakatulo. Jack Mapanje anatenga nanzikambe, ndipo buku lake Of Chameleons and Gods linatuluka ku London mu 1981. Amene ankamvetsera pabwalo la zisudzo la kolejiyo ankaseka pamalo pomwe mlendo sakanaonapo choseketsa. Mtengo wa kusekako unali wokwera. Mu Seputembala 1987 Mapanje anatengedwa ku Gymkhana Club n'kukatsekeredwa ku Mikuyu, kunja kwa tauni yomweyo, popanda kuzengedwa mlandu, ndipo anatuluka mu 1991.

Chizungu cha ndakatulo chinkathera pa Chirunga. Chimene chinafika kumsika ndi m'maminibasi chinali Chichewa cha Izeki ndi Jakobo, omwe anali John Nyanga ndi Eric Mabedi a gulu la Kwathu. Izeki ankapotoza nkhani yowongoka mpaka Jakobo, yemwe ankaoneka ngati wanzeru, n'kusowa poyankhira. Ubwino wa nthabwala ya m'khutu ndi wakuti sifuna ndalama. Woseketsa akanena kuti ali kumwamba kapena m'mimba mwa ng'ona, womvera amamanga yekha malowo m'mutu mwake. Kaseti imodzi inkayenda nyumba khumi, ndipo riboni ikatuluka tinkaibweza ndi cholembera.

Ndiye kanema anafika. Apa ndi pamene ndikuona kuti zinthu zinakhota, ngakhale palibe munthu mmodzi amene tingamuloze. Chithunzi chimadya ndalama: kamera, galimoto, wojambula, ndiponso nthawi ya pa wailesi imene imagulidwa. Ndalamazo zinkapezeka kwa amene anali ndi uthenga woti ufike kwa anthu, wa Edzi, wa katangale, wa chisankho. Masewero otere anagwira ntchito yaikulu, ndipo sewero la Tikuferanji linatchukitsa Manganya mpaka mwini dzinalo, Michael Usi, anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Koma nthabwala yolipiridwa imayenera kuthera pa phunziro, ndipo woseketsa amene akudikira kuti aonekere pa kanema sangayambe kuseka kanemayo, ngakhale nkhani zamadzulo zitakhala za munthu mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nthawi yomweyo makompyuta a m'timashopu anayamba kukopera anthu nyimbo ndi masewero pa mtengo wa mandasi, msika wa makaseti n'kufa. Wojambula chimbale ankadziwa kuti adyapo ndi ena.

Chaka chimene chinkafunika chimbale ngati chija cha ku America kuposa zaka zonse chinali 2011. Mafuta a galimoto anasowa, ndalama zakunja zinasowa, anthu ankagona pamizere ndi zigubu. Mu Febuluwale mphunzitsi wina wa zandale ku Chirunga anapereka chitsanzo m'kalasi, kuti mavuto ngati amenewa ndi omwe anautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Mawuwo anatuluka m'kalasi n'kukafika kutali, ndipo mphunzitsiyo anaitanidwa ndi mkulu wina kuti akafotokoze. Anzake anaika choko pansi. Ankafuna kutsimikiziridwa kuti m'makalasi mulibe akazitape. Anayi anachotsedwa ntchito, nkhani inalowa m'makhoti, koleji inatsekedwa, ndipo zinatenga miyezi pafupifupi 8 kuti anayiwo abwezeretsedwe ndi kuti maphunziro ayambirenso.

Taganizani mmene zinalili. Tauni imene imadya za ophunzira inakhala zii: amayi ogulitsa zitumbuwa, eni nyumba za lendi ku Chikanda, anyamata a kabaza, onse akudikira mkangano wa chitsanzo chimodzi cha m'kalasi. Anthu ophunzira kwambiri m'dziko akuyang'anana m'maso kufuna kudziwa kuti kazitape ndani. Galimoto zili ndii pamzere wa mafuta omwe kulibe, woyendetsa atapita kwawo kukadya nsima n'kubwerera. Wolemba nthabwala sakanafunika kuwonjezapo kanthu. Ndipo anthu ankasekadi, nthabwala zake zoluma kuposa za pasiteji, koma zinkayenda pakamwa, pa mauthenga a pafoni ndi pa Facebook, n'kuzimirira mafuta atabwera. Kumapeto kwa chaka chomwecho, ku Blantyre, mnyamata wina wa zisudzo anagwidwa sewero lake lili m'kati, pa mlandu wosalipititsa kokaunikidwa. Lamulo lake linali lija la 1968.

Chodabwitsa n'chakuti chimbale cha ku Zomba chimene chinamveka kunja chinachokera kundende. Nyimbo za akaidi a Zomba Prison Project zinalowa pa mndandanda wopikisana pa mphoto ya Grammy ya 2016. M'chaka chomwecho tinaika m'manda John Nyanga, ndipo Eric Mabedi anamutsatira mu 2021.

Lero woseketsa safunanso nthawi ya pa wailesi, foni imamukwanira. Ulendo wina ndikukwera phiri kulowera ku Ku Chawe, ndinapeza anyamata atatu ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu akujambulana. Mmodzi anavala jekete lalikulu, atagwira chisononkho ngati maikolofoni, akuwerenga nkhani ndi mawu onenepa a pa kanema: mitengo ya zinthu yatsika, akutero, ndipo anthu akudandaula kuti ndalama zawachulukira. Wachiwiri anali nduna yoyankha mafunso osafunsidwa. Wachitatu, wogwira foni, ankawauza kuti afulumire, chifukwa zikapitirira mphindi imodzi anthu sazionera, komanso bandulo yatsala pang'ono.