Galimoto yathonje ya ku Zwickau

Khoma la Berlin litatsegulidwa usiku wa pa 9 Novembala 1989, tigalimoto tofuka utsi tinandandalika pamsewu wolowera ku West Berlin. Anali ma Trabant. Zitseko zake, denga ndi boneti sizinali zachitsulo ayi, zinali za thonje lophatikiza ndi utomoni.

Chinabala luso limeneli ndi kusowa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, East Germany inalibe malata abwino okwanira kupangira galimoto, ndipo mayiko a kumadzulo sankalola kuigulitsa malatawo. Chimene inali nacho chochuluka ndi malasha, momwe mafakitale ake ankatengamo mankhwala a phenol. Ku Soviet Union nako kunkachokera zotsalira za thonje, zazifupi ulusi, zosayenera kuwombera nsalu. Katswiri wina dzina lake Wolfgang Barthel ndi anzake anaphatikiza ziwirizi n'kupanga pulasitiki yotchedwa Duroplast. Galimoto ya P70 ndiyo inayamba kuvala thupi lotere mu 1955, ndipo Trabant inatsatira mu 1957, zonse zopangidwa mumzinda wa Zwickau.

M'fakitalemo ankapesa thonje n'kuliyala mosanjikiza, akuwaza utomoni pakati, mpaka likhale chimkeka chofewa chochindikala. Akachidula ankachiika m'chikombole chotentha n'kuchipanikiza mwamphamvu. Utomoni unkasungunuka, kulowerera mu ulusi, kenako n'kuuma gwa. Pochotsa chinali chitasanduka chikopa cha chitseko, chongodikira kuseteka m'mbali ndi kumangirira pa mafupa achitsulo a galimotoyo. Utomoni pawokha ndi wophweka kusweka, thonje palokha n'lofewa. Koma zikakhala pamodzi ulusi umakana kuduka pamene utomoni ukuugwira kuti usasunthe, monga zimagwirizanirana mitengo ndi dothi pa chipupa chomata.

Nzeruyi sinayambire ku East Germany. Mu Ogasiti 1941, Henry Ford anaonetsa ku Dearborn, m'dziko la America, galimoto ya thupi la pulasitiki yochokera ku zomera, ndipo chithunzi chake akumenya kumbuyo kwa galimoto ndi nkhwangwa chinatchuka kwambiri. Nkhondo inaimitsa ntchitoyo, galimotoyo sinafike pamsika. A ku Zwickau ndiwo anapanga zoyenda pamsewu, zopitirira 3 miliyoni pofika mu 1991.

Anthu ankaiseka Trabant, ndipo pa injini kusekako kunali ndi chifukwa: inali ya masilinda awiri, yosakaniza petulo ndi oyilo, ya mphamvu ya akavalo 26 basi mu mtundu wa 601. Koma thupi lake silinkayenera chipongwe. Linali lopepuka, losachita dzimbiri, moti mabanja amene ankadikira zaka zoposa 10 kuti alandire galimoto ankaiyendetsa mpaka ana kukula. Dzimbiri linkadya chitsulo cham'kati, thonje lili chilili.

Kulimba komweko ndiko kunadzasanduka mutu waukulu. Germany itagwirizananso mu 1990, anthu anathamangira ma Volkswagen ndi ma Opel, ma Trabant n'kumasiyidwa m'mbali mwa misewu. Chitsulo chimasungunulidwa n'kupangira china, koma utomoni wa phenol ukauma kamodzi susungunukanso. Kuuwotcha kumatulutsa utsi wapoizoni, kuukwirira sukuwola. Thonje limene likanawolerana m'munda pa dzinja limodzi linali litatsekeredwa m'chinthu chosafa. Zina mwa zidutswazo anazipera n'kuzisakaniza ndi simenti yopangira njira.

Ine ndimaona kuti otsatsa malonda amadumpha dala phunziro la ku Zwickau. Akalemba pa katundu kuti muli ulusi wa zomera, wogula amaganiza kuti nkhani yatha. Funso loyenera ndi lakuti ulusiwo aumata ndi chiyani, pakuti chomatiracho ndicho chimalamula ngati chinthucho chidzasungunuke, chidzawole kapena chidzakhalire kudzala.

Makampani a galimoto anabwereranso ku zomera m'zaka za m'ma 1990, tsopano pofuna kupeputsa galimoto kuti zisamamwe mafuta ambiri. Ulusi wa zomera ndi wopepuka kuposa ulusi wa galasi, ndipo kuukonza sikudya moto wochuluka. Mercedes-Benz inaika fulakesi ndi khonje m'kati mwa zitseko za E-Class, ndipo BMW i3 ya mu 2013 inabwera ndi ulusi wa chomera cha kenaf woonekera poyera pa zitseko. Ambiri amamata ndi pulasitiki ya polypropylene, imene imasungunuka n'kuumbidwanso, ngakhale kuti imachokerabe ku mafuta apansi. Toyota inapita patsogolo pang'ono mu 2003, pamene chivundikiro cha tayala lapadera la galimoto ya Raum inachipanga ndi kenaf pamodzi ndi PLA, pulasitiki yochokera ku shuga wa zomera.

Zovuta zilipobe. Ulusi wa zomera umamwa chinyezi n'kufufuma, umapsa kutentha kukafika cha pa madigiri 200, ndipo kulimba kwake kumasintha malinga ndi mvula ya chaka chimenecho. N'chifukwa chake mbali zambiri zotere amaziika m'kati mwa galimoto, kosafika mvula. Nayo PLA siwola msanga ikangotayidwa kudzala: imafuna malo opangira manyowa otentha kufika cha pa madigiri 60, omwe mizinda yambiri ilibe.