Kalimidwe ndi kasamalidwe ka duwa la Echeveria la haibulidi

Echeveria ndi duwa la masamba onenepa osunga madzi, omwe amakula mozungulirana ngati kabichi wamng'ono. Kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Mitundu yambiri yogulitsidwa ndi ya haibulidi, monga Perle von Nürnberg wa masamba otuwa mofiirira yemwe anapangidwa ku Germany. Duwali silifuna munda, ndipo alimi a ku Njuli, pa msewu wa M3 wochoka ku Limbe kupita ku Zomba, angathe kuligulitsa m'miphika kwa anthu a m'tauni. Mdani wake wamkulu ndi madzi ochuluka.

Mbewu

Monga zilili ndi chimanga cha haibulidi, njere zake sizibereka zofanana ndi kholo. Chulukitsani pogwiritsa ntchito masamba kapena ana ophukira m'mbali.

Thothoni tsamba lokhwima lathunthu, losang'ambika pa tsinde. Lisiyeni pamthunzi masiku 2 mpaka 4 kuti bala liume. Ligonekeni pamwamba pa dothi, osalikwirira. Mizu imayamba kuoneka pakatha masabata 2 mpaka 4.

Dothi ndi mphika

Sakanizani magawo awiri a mchenga wokhakhala wa kumtsinje, gawo limodzi la timiyala ting'onoting'ono ta kwale, ndi gawo limodzi la dothi la pamwamba lokhala ndi manyowa owolerana pang'ono. Kwale amapezeka pafupi ku Njuli, koma sefani fumbi lake chifukwa limalimbitsa dothi likanyowa. Pewani dothi lamakande. Mphika wadothi ndi wabwino kuposa chitini chifukwa umauma msanga. Boolani pansi pa chilichonse chomwe mwabzalamo.

Kuthirira

Pisani chala m'dothi. Ngati muli chinyontho, musathirire. Likauma, thirirani mpaka madzi atulukire pansi. Thirani pa dothi, osati pakati pa masamba.

Nyengo

Kuyambira Novembala mpaka Epulo ikani miphika pakhonde kapena pansi pa denga la pulasitiki, pa thandala kuti isakhale m'madzi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mvula yowaza ya chiperoni ndi kuzizira zimachedwetsa dothi kuuma, choncho chepetsani kuthirira. Duwali limafuna dzuwa la kum'mawa maola 4 mpaka 6. Mu Okutobala litetezeni ku dzuwa la masana lomwe limawaula masamba. Likatalika n'kumatayana masamba, ndiye kuti kuwala kukuchepa.

Tizilombo ndi matenda

Tizilombo toyera ngati thonje, tofanana ndi kodikodi wa chinangwa, timabisala pakati pa masamba. Tichotseni ndi kathonje koviika mu sipiriti, ndipo patulani mphikawo. Tsinde likada ndi kufewa, laola: dulani mutu pamwamba pa poolapo, uwumitseni masiku angapo, n'kubzala m'dothi latsopano louma.

Alimi otsogolera ayambe ndi miphika yochepa ya chionetsero, ndipo asunge makholo athanzi osawagulitsa.