Mbiri ya Kuphunzira za Ziyankhulo Munthu Ali Kutali

Maphunziro a m'makalata anabadwa pamodzi ndi positi yotsika mtengo. M'chaka cha 1840, pamene ku England anayamba kutumiza kalata ndi kobiri limodzi, Isaac Pitman anayamba kuphunzitsa kalembedwe kachidule kwa anthu amene sanawaonepo maso ndi maso. Mu 1856 Charles Toussaint ndi Gustav Langenscheidt anayamba kuphunzitsa Chifalansa mwa makalata ku Berlin, ndipo mu 1858 Yunivesite ya London inalola kuti munthu alembe mayeso a digiri ngakhale asanakhalepo m'makalasi ake. Kuno ku Afirika khomo linatseguka mu 1946, pamene University of South Africa inayamba kuphunzitsa a kutali. Akuluakulu a ntchito yathu ino ambiri anakwera ndi mapepala a Wolsey Hall ndi Rapid Results College, powerenga usiku pa koloboyi, kufikira boma linatsegula Malawi Correspondence College mu 1965.

Phunziro limene Azungu alitcha applied linguistics, ndiko kugwiritsa nzeru za chiyankhulo pa mavuto enieni monga a m'kalasi, ndi la dzulodzuloli. Charles Fries anakhazikitsa English Language Institute ku Michigan mu 1941; komweko mu 1948 kunatuluka magazini ya Language Learning, imene inalemba dzina la phunzirolo pachikuto pake; ndipo mu 1957 ku Edinburgh kunatsegulidwa sukulu yakeyake.

Chaka chomwecho Robert Lado anaphunzitsa kuti tikalinganiza chiyankhulo cha mwana ndi chimene akuphunzira, tidzadziwiratu pamene adzapunthwa. Inu amene mwayesako kale choko mudzavomereza kuti pali choona m'menemo. Mawu a Chichewa amathera pa lembo la liwu, ndipo n'chifukwa chake tili ndi buku, sukulu ndi sitolo. Tsono mwana akamawonjeza liwu kumapeto kwa mawu a Chingerezi, kapena kusokoneza l ndi r, si umbuli ayi, akungomvera lamulo la chiyankhulo cha amake. Koma mu 1967 S. Pit Corder wa ku Edinburgh anaonetsa kuti zolakwa zambiri sizichokera kwa amake konse: ndi mapazi osonyeza pamene mwanayo wafika pomanga yekha malamulo a chiyankhulo chatsopanocho. Ine ndiyesa kuti Corder ndiye anamchitira mwana chilungamo koposa.

Njira ziwirizi zinakomana pambuyo pa Open University, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 1971 nichotsa chitonzo chakuti digiri ya pa positi ndi yopepuka. Mayunivesite ena a ku Britain ndi ku Australia anayamba kupereka digiri yachiwiri ya phunziroli kwa aphunzitsi ali pa ntchito, poyamba ndi mitokoma ya mabuku ndi makaseti, ndipo tsopano pa intaneti. Phunziroli kutalikirana kulikomera, pakuti wophunzirayo sasiya kalasi lake: ajambula mawu a ana ake, asanthula zolemba zawo, nalemba kafukufuku wake pa zimene waona yekha.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri a maphunzirowa ayang'ana pa Chingerezi, ndipo malipiro ake ndi a mapaundi, osafikirika kwa mphunzitsi wa pulayimale. Pamenepo mafunso athu akudikira. Mu 1968 Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko. Mu 1996 Unduna unalamula kuti Sitandade 1 kufikira 4 aziphunzira m'chiyankhulo chawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi m'malo mwake. Ndani angatiuze bwino chimene kusinthasinthaku kunachita kwa mwana wa Chiyao ku Mangochi, kapena wa Chitumbuka ku Rumphi, woposa mphunzitsi amene amamva mwanayo akuyankha tsiku ndi tsiku?

Kumbukirani kuti galamala ya Chichewa imene Mark Hanna Watkins anasindikiza mu 1937 inachokera ku ntchito ya ku Chicago, ndipo mawu ake ambiri anatuluka pakamwa pa wophunzira mmodzi wa ku Kasungu, Kamuzu Banda. Masiku amenewo mwini chiyankhulo ndiye ankawoloka nyanja.