Mbiri ya Kuunika m'Khutu la Mwana

Nkhani yathu ya lero ndi ya khutu la mwana, ndi ya anthu amene anaphunzira kusuzumiramo.

Diso likadwala, aliyense aona kufiira kwace, koma khutu libisa nthenda yace. Njira yace ndi yopapatiza, yokhota ndi yamdima, yotalika ngati inchi imodzi mwa munthu wamkulu. Kumapeto kwace kuli mwinikhutu, kacikopa kopyapyala konjenjemera monga cikumba ca ng'oma, ndipo kuseri kwa iko kuli kacipinda ka timafupa titatu. Kacipindako kali ndi mpita wotsikira kummero. Mwa ana mpitawu ndi waufupi ndi wogona copingasa, cotero cimfine sicicedwa kukwera. Mafinya adzaza, mwana alira usiku wonse, kenaka mwinikhutu aphulika, mafinya naturuka, ululu nuleka. Apa ndi pamene amai ambiri anyengedwa, nati mwana wacira. Koma khutu likapitirira kukha miyezi, cibowo cikhalitsa, timafupa tidyeka, ndipo nthawi zina nthenda ilowa m'pfupa la kuseri kwa khutu kufikira ku ubongo.

Kwa zaka mazana ambiri asing'anga a ku Ulaya anali kungoyerekeza za m'katimo, pakuti poweramira khutu mutu wao womwe unali kutsekereza kuwala. Anamasula mfundoyi ndi dokotala wa m'kamzinda ka Burgsteinfurt ku Germany, dzina lace Friedrich Hofmann. M'caka ca 1841 iye anafotokoza za kalirole wokumbika, wobooka pakati: kalirole aponya kuwala m'khutu, diso lisuzumira pa cibowo. Anthu sanasamale msanga, kufikira Anton von Tröltsch wa ku Würzburg anabukitsa njirayo. M'caka ca 1864 Emil Siegle anaonjezapo copemerera mpweya pang'ono, kuti aone ngati mwinikhutu agwedezeka. Akapanda kugwedezeka, ndiye kuti kuseri kuli madzi. Ndipo m'caka ca 1873 ku Vienna anatsegula cipatala ca makutu okha, m'mene Adam Politzer anaphunzitsa madokotala a m'maiko ambiri. Iyeyu anali waluso pojambula, najambula ndi dzanja lace maonekedwe a mwinikhutu wabwino ndi wodwala, podziwa kuti wophunzira angathe kupenya bwino lomwe koma osazindikira cimene wapenya. Cipangizo ca lero cochedwa otoscope, cokhala ndi nyali yace ndi galasi lokuza, ndi mdzukulu wa zimenezi.

Kwathu kuno thandizo linayambira kumciira. Amishoni anayamba ndi kusonkhanitsa ana ogontha kale. A Dutch Reformed Church anatsegula sukulu ya ogontha ku Magwero pafupi ndi Chipata m'caka ca 1955, ndi ina ya Henry Murray ku Morgenster pafupi ndi Masvingo. Ku Nguludi Abale Acikatolika ocokera ku Holland anamanga ya Mary View. Inali nchito yaulemu, ndipo sitiipeputsa konse. Koma sukulu ilandira mwana madzi atatayika kale. Ena mwa anawo anabadwa osamva. Ena anagonthetsedwa ndi cikuku, matsagwidi, nthenda youmitsa khosi, kapena mankhwala amphamvu onga streptomycin. Ndiye panali khamu lina losawerengeka, la ana akumva mwa theka cifukwa ca khutu la mafinya, okhala kumbuyo m'kalasi, amene aphunzitsi anali kuwayesa opusa kapena amwano. M'caka ca 2016 bungwe la World Health Organization linati pa ana 100 osamva bwino, pafupi 60 akadatha kupewedwa bvutolo.

Ku Malawi zinthu zinatembenuka m'caka ca 2007, pamene Dr Wakisa Mulwafu anabwera kucokera ku Cape Town, Mmalawi woyamba kuphunzira udokotala wa khutu, mphuno ndi mmero, nayamba nchito pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre. Munthu mmodzi sakadatha kuunika makutu a dziko lonse. Cotero iye ndi anzace anayamba kuphunzitsa ma clinical officer nchito ya makutu, kuti akakhale m'zipatala za m'maboma.

Cifukwa cace ca kufikitsa nzeruyi pafupi ndi mudzi cinaoneka poyera m'boma la Thyolo. Ana opezeka ndi bvuto la kumva anauzidwa kuti apite ku Queen Elizabeth. Ofufuza atatsata ana 150, anapeza kuti 5 okha ndiwo anafikako. Zotsatirazi zinasindikizidwa m'caka ca 2017. Thyolo sali kutali kwenikweni ndi Blantyre. Koma ndalama ya galimoto inasowa, makolo ena anaopa cipatala cacikulu cosacidziwa, ndipo ena sanamvetse cimene anauzidwa. Munthu wosafulumira kuweruza adzaona kuti amai wosiya munda ndi ana ena kunyumba, kunka ku mzinda cifukwa ca khutu losawawa, afunika kumlongosolera bwino ndithu.

M'boma lomwelo alangizi a zaumoyo a m'midzi anaphunzitsidwa masiku atatu, ndi mabuku a World Health Organization a cisamaliro ca khutu. Zimene mabukuwo aphunzitsa si zozama. Funsa amai kuti khutu layamba liti kukha. Itana mwana ali cofulatira, uone ngati aceuka. Khutu la mafinya ulipukute ndi kansaru koyera kopota ngati cingwe ca nyali, katatu pa tsiku, lisanalandire mankhwala odonthezera, pakuti mankhwala ogwera pa mafinya safika pa cironda. Usalowetsemo nthenga, maceso, mafuta kapena madzi a masamba, ndipo mwanayo asamize mutu posamba kudambo. Kukatupa kuseri kwa khutu, kapena mwana akaumitsa khosi ndi kutentha thupi, apite ku cipatala tsiku lomwelo.